Mfundo yokwerera ikamatsetsereka kapena kukakamira muli m'mwamba

Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa lili paliwombo, tili pa nyumba ina ya alendo cha ku Nkopola. Ntchito yake inali kudulira mtengo wa mango waukulu umene nthambi zake zinkakhula malata mphepo ikamawomba. Mnyamata amene ndimagwira naye ntchito anali atakwera mamita ngati 9, ine ndili pansi ndikusamala chingwe. Ndinangoona masamba ali yoyoyo, iye n'kutsika mwadzidzidzi kutalika kwa mkono, kenaka n'kuima.

"Achimwene, mfundo ikutsetsereka!"

"Chotsa dzanja pamfundopo! Koloweka lanyard, chingwe cham'chiunocho, pathunthupo, usachite china chilichonse."

Atatsika bwinobwino ndinatenga kachingwe kake ka mfundo, kamene kamakulungidwa pachingwe chachikulu kuti kazigwira wokwerayo, n'kukapapasa. Mbali imodzi kanali kosalala ndi kouma gwa, kakunyezimira ngati pulasitiki. Chingwe chachikulu nacho chinali chonanda utomoni wa mango aawisi pa mamita ngati awiri, fumbi litamatirira pamwamba pake. Iye anati, "Ndingoikulunga kamodzinso, igwira." Ndinamukaniza, ndipo tsiku limenelo sanakwerenso ndi kachingwe kaja.

Vuto limeneli limabwerezabwereza kwa aliyense wodulira mitengo ndi zingwe kuno. Lero mfundo ikutsetsereka, mawa yomweyo yakakamira moti simungathe kutsika. Ambiri amaona ngati ndi mavuto awiri osiyana, ndiye ikatsetsereka amawonjezera kukulunga, ikakakamira amachepetsa. Ine ndaona kuti gwero lake nthawi zambiri ndi limodzi: pali chimene chasintha pamene kachingwe ka mfundo kamakhudzana ndi chingwe chachikulu. Mukangowonjezera kukulunga musanadziwe chimene chasinthacho, mwaphimba chilonda ndi nsalu, mafinya ali m'kati.

Zoyamba kuchita muli m'mwambamo

Munthu akadzidzimuka amafumbata chimene chili pafupi, ndipo chili pafupi ndi mfundo yomweyo. Tsoka lake, mfundo zonse zokwerera, kaya ndi Prusik, Blake, Distel kapena VT, zimamasuka zikafinyidwa kuchokera pamwamba. Ndi mmene timatsikira tsiku ndi tsiku. Choncho mukaifumbata mwamantha mukuiuza kuti ikutsitseni msanga. Chotsani dzanja, ilekeni ilume yokha. Zimenezi ziyenera kulowa m'magazi mukadali pansi, chifukwa m'mwamba mulibe nthawi yoganiza.

Kenaka kolowekani lanyard, chingwe chachifupi cham'chiuno chija, pathunthu kapena panthambi yamoyo yolimba. Mukakhala pa zingwe ziwiri ndi pamene mungayang'ane mfundoyo modekha.

Ikakhala kuti yakakamira, musalimbane nayo thupi lanu lonse likulendewera pa iyo. Pondani panthambi kapena pangani popondera phazi pachingwe, muipeputse, kenaka muisunthe ndi chala chachikulu kuyambira pamwamba. Mpeni kapena sowo zisayandikire. Chingwe chokungika chimaduka ndi kungokhudzidwa, pomwe chomwecho chili lende mungacheke kangapo chisanaduke. Ndipo kumapeto kwa chingwe kuzikhala mfundo yotsekera nthawi zonse, kuti zikavuta musapitirire mpaka kutuluka kunsonga.

Kodi chingwecho n'chokwereradi?

Funso ili ndimaliyambira chifukwa kuno ku nyanja zingwe zili ponseponse. Pa msika wa ku boma, ku Monkey Bay, ku Makawa, mupeza mipukutu ya zingwe zabuluu ndi zachikasu zimene asodzi amamangira maboti ndi makoka. Pa ntchito yawoyo n'zabwino: n'zopepuka, zimayandama pamadzi, siziwola. Zambiri mwa izo n'zopangidwa ndi polypropylene, ndipo ulusi umenewu umasungunuka pa madigiri ngati 165. Polyester, amene amalukira zingwe zambiri zokwerera mitengo, amafika cha m'ma 250 asanasungunuke. Mfundo ikamayenda pachingwe imatulutsa kutentha kwakukulu. Pa chingwe cha asodzi mfundoyo imaterera kuyambira pachiyambi, ndipo mukatsika mothamanga ulusi umafewa pomwepo. Dzuwa nalo limachidya msanga. Mukachipotokola n'kuona ufa ukutsalira m'manja, dziwani kuti chatha ngakhale chikuoneka chathunthu. Khonje nalo ayi, limawolera m'kati mwakachetechete likanyowa. Ngati mukukwerera zingwe zoterezi, palibe kamangidwe ka mfundo kamene kangakuthandizeni. Vuto lanu ndi chingwecho.

Chingwe chokwerera chenicheni chimakhala cholukidwa, chokhala ndi mtima m'kati ndi khungu kunja, kunenepa kwake pakati pa mamilimita 11 ndi 13. Zochokera ku Ulaya zimalembedwa EN 1891, mtundu A. Kuti chilandire chizindikiro chimenechi chiyenera kupirira 22 kN chisanaduke, komwe kuli ngati kulemera kwa makilogalamu 2,200, ndipo chisatanuke kupitirira magawo 5 pa 100 katundu akakwera kuchoka pa makilogalamu 50 kufika pa 150. Ku America amatsata muyezo wa ANSI Z133, womwe umafuna mapaundi 5,400, pafupifupi 24 kN. Wina anandifunsapo kuti, munthu wa makilogalamu 70 afuniranji chingwe cha matani awiri? Yankho lake n'lakuti mphamvu imeneyo ndi ya chingwe chatsopano chowongoka. Mfundo iliyonse imadyako gawo lalikulu, moti muyezo womwewo wa EN 1891 umangofuna 15 kN chingwecho chikamangidwa mfundo kunsonga. Dzuwa, mchenga ndi zaka zimadyakonso. Ndipo munthu akagwa ngakhale mita imodzi n'kukoka chingwe mwadzidzidzi, mphamvu yake imaposa kulemera kwake kangapo.

Ambiri a ife zida timaitanitsa kwa abale amene ali ku Joni. Muziwauza momveka kuti akutumizireni chithunzi cha kachikwangwani ka kunsonga kwa chingwe asanalipire. Chikafika, mutha kudula kachidutswa kakang'ono kunsonga: m'kati mwa chingwe cha EN 1891 mumakhala kaliboni kopyapyala kolembedwa dzina la opanga ndi chaka. Samalaninso kuti asakugulireni cha EN 892. Chimenecho ndi cha okwera matanthwe ngati a ku Mulanje, chinapangidwa kuti chizitanuka munthu akagwa, ndipo mumtengo chimakunjanjitsani mpaka mfundo kumangika mosadziwika bwino. Cha pa kaunjika chimene simukudziwa kumene chinagwira ntchito, chisiyeni, ngakhale chikhale chokongola motani.

Utomoni, mchenga ndi mafuta

Chingwe chikakhala choyenera koma mfundo n'kumavutabe, apa ndi pamene ndimapeza vuto kawirikawiri.

Utomoni ndi wachinyengo chifukwa umabweretsa mavuto onse awiri. Ukadali wauwisi umamata, mfundo n'kukakamira malo amodzi. Mukaikakamiza n'kudutsa pamenepo imafika pa chingwe choyera, n'kukutsitsani mwadzidzidzi popeza dzanja linali likufinyabe mwamphamvu. Ukauma n'kusakanikirana ndi fumbi umapanga chikhungu cholimba chimene mfundo silumapo. Mango ndiye atate ake a vutoli, makamaka zipatso zikadali zaziwisi mpaka nyengo yakupsa cha mu Novembala ndi Disembala, pamene phesi lililonse lothothoka limadontha. Mkuyu ndi kachere nazo zili ndi mkaka wawo womata. Chizindikiro chake n'chosavuta: mfundo imavuta pa malo amodzimodzi a chingwe, kwina konse ikuyenda bwino. Pitani pamalopo, mukapeza madontho akuda onanda.

Mchenga ndi mdani wosaoneka. M'mphepete mwa nyanja, kuyambira ku Namiasi mpaka ku Chembe, palibe poika chingwe popanda mchenga. Timiyala take timalowa pakati pa ulusi, ndipo nthawi iliyonse chingwe chikapindika ndi katundu timacheka m'kati ngati timipeni. Chingwe chimayamba kuuma, kumera ubweya, ndipo mukachikoka pa karabina, chitsulo chokolowekera chingwe, mumamva kuti chikukhwekhwereza. Muyang'anenso karabina ndi pule, kagudumu kodutsapo chingwe: mukaona ngalande yonyezimira pachitsulo, ndi mchenga umene ukupala, ndipo m'mphepete mwa ngalandeyo mumanoleka n'kuyamba kudya chingwe. Ine chingwe sindichiika pansi. Chimachoka m'thumba lake kukwera mumtengo, n'kubwerera m'thumba. Pamene palibe thumba, ndowa yoyera kapena lona woyala pansi zimakwanira. Thumba la feteleza ayi, ngakhale mutalikuntha.

Mafuta a tcheni ya chainsaw amateretsa. Amachokera m'magolovesi, kapena pamene makinawo alendewera pa hanesi, lamba amene wokwera amavala m'chiuno, n'kumakhudza chingwe. Mukanunkhiza mudziwa.

Mankhwala a zonsezi ndi kuchapa, koma kuchapa kwake n'kwaulemu. Madzi ozizira kapena ofunda pang'ono, osapitirira madigiri 30, m'bafa lalikulu, ndi sopo wofatsa wosambira. Chinyikeni kwa kanthawi, muchifinye ndi manja gawo ndi gawo, pa utomoni mupake sopo n'kutikita ndi nsalu kapena burashi yofewa. Tsukuluzani mpaka madzi atuluke oyera. Petulo, palafini, thina ndi mankhwala oyeretsera zovala zisakhudze chingwe, ngakhale ndikudziwa kuti palafini amachotsa utomoni msanga m'manja. Musachikhuze pamwala ngati zovala, ndipo musachichapire m'mphepete mwa nyanja pamene mafunde akuvundula mchenga. Tungani madziwo, adikhe, muchapire kumtunda. Mijigo ina ya kuno madzi ake ndi amchere, ndipo mchere ukauma m'kati mwa chingwe umachita zomwe mchenga umachita. Poyanika, pamthunzi podutsa mphepo. Pa malata kapena pafupi ndi moto ayi. Chimatha kutenga masiku awiri kuti chiume mpaka mumtima, ndipo n'chifukwa chake ndimachapa Lachisanu madzulo.

Kachingwe kakapsa

Ndibwerere kwa mnyamata uja. Kunyezimira kumene ndinapeza pa kachingwe kake kunali ulusi wosungunuka. Achinyamata amakonda kutsika ngati mphezi ntchito ikatha, makamaka pansi pakakhala anthu oonerera. Kulemera konse kwa thupi kumasanduka kutentha, ndipo kutenthako kumasonkhana pa kachigawo kakang'ono ka kachingwe ka mfundo, pomwe chingwe chachikulu chikungodutsa, gawo lozizira likubwera nthawi iliyonse. N'chifukwa chake kachingweko ndi kamene kamayamba kupsa. Kakapsa kamasalala, kakasalala kamatsetsereka, kakatsetsereka kamatenthanso. Mu Okutobala, zida zitakhala padzuwa kuyambira m'mawa, zimayamba ulendowu zili zofunda kale.

Kachingwe kopsa sikachira. Sikachapika, sikakonzeka. Tayani, ikani kena. Ndi chida chotsika mtengo kuposa zonse pa hanesi yanu, ndipo ndi chimene chimatha msanga, ndiye muzikhala ndi tiwiri kapena titatu tapadera m'thumba. Pogula funani tomwe khungu lake lili ndi ulusi wa aramid, monga Technora, chifukwa umenewu susungunuka ngati polyester, umapirira kutentha kwambiri. Tachingwe ta Dyneema tokhatokha musamangire mfundo yokwerera: n'tamphamvu zedi pokoka, koma timaterera ndipo timasungunuka pa madigiri ngati 150.

Katsikidwe kabwino n'kapang'onopang'ono, dzanja limodzi pamfundo, lina litagwira chingwe kumunsi kwake, mukupumira mamita angapo alionse. Mukafika pansi khudzani mfundoyo. Ngati simungathe kuigwira chifukwa cha kutentha, mwatsika mothamanga.

Muonenso chingwe chachikulu ngati chili ndi mizere yonyezimira yoteroyo. Imabwera pamene zingwe ziwiri zadutsana mphanda imodzi, china chikuyenda china chili chiimire. Choimacho chimapsa malo amodzi mpaka kuduka.

Kusiyana kukula, chatsopano, chonyowa

Kachingwe ka mfundo kayenera kukhala kowonda kuposa chingwe chachikulu. Ka mamilimita 8 kapena 10 ndi kamene timagwiritsa ntchito. Kowonda kamaluma kwambiri ndipo kamakakamira msanga, konenepa kamayenda mofewa koma kamachedwa kugwira, makamaka kwa munthu wopepuka thupi. Wina akachoka pa chingwe cha mamilimita 13 kupita pa cha 11.5 n'kumanga monga kale, mfundo imatsetsereka. Apa ndiye kuwonjezera kukulunga kuli m'malo, popeza mukudziwa chifukwa chake. Blake ndi yosiyana, imamangidwa ndi chingwe chofanana kukula, kukulunga kanayi, nsonga n'kudutsa pansi pa ziwiri zam'munsi, ndipo nsongayo iyenera kutsekedwa ndi mfundo ina.

Chingwe chatsopano chimaterera masiku oyamba chifukwa cha zopaka za kufakitale. Chonyowa ndi mvula chimasintha khalidwe, ndipo ngati mtima wake ndi wa nayiloni chimachepako mphamvu ndi kutanuka kwambiri. Nthawi iliyonse pamene mwasintha chingwe, kachingwe, kamangidwe kapena nyengo yasintha, yesani mfundo muli pafupi ndi pansi: kwerani mita imodzi, khalani pa hanesi, tsikani pang'ono, siyani dzanja, muone ngati ikugwira yokha. Chitani katatu. Mfundo yomangidwa bwino koma yosakonzedwa, mizere yake itakwerana, nayo imanama, choncho iyalanitseni ndi kuikoka musanaikhulupirire.

Pamene mwasintha za kumtunda

Ichi ambiri sachiganizira. Chingwe chikadutsa pamphanda ya mtengo, khungwa limagwirako gawo la kulemera kwanu. Msangu, ndi khungwa lake lokakala, umagwira kwambiri. Mlambe ndi wosalala, ndipo pamwamba pa apo thabwa lake n'lofewa ngati chinkhupule, moti nthambi yooneka yaikulu si yodalirika ngati ya mbawa. Mukaika cambium saver, lamba wa mphete ziwiri woteteza khungwa ndi chingwe, kukhulana kumachepa. Mukaika pule kumatsala pang'ono kutheratu. Ndimalimbikitsa lambayo chifukwa amapulumutsa mtengo ku mabala ndi chingwe ku utomoni, koma dziwani kuti katundu amene khungwa linkanyamula tsopano wapita pamfundo. Mfundo imene dzulo inkagwira bwino pamphanda lero ikhoza kutsetsereka kapena kutentha msanga, chingwe chili chomwecho.

Palinso amene aona pa YouTube anthu akukwera pa chingwe chimodzi chokhazikika, iwonso n'kuyesa ndi mfundo yokha. Pa kakweredwe kathu kozolowereka, chingwe chopinda pawiri, mfundo imanyamula pafupifupi theka la thupi. Pa chingwe chimodzi imanyamula thupi lonse, ndiye imaluma mpaka osamasuka, ndipo ikamasuka imathawa. Amene mumawaonawo amakhala ndi kachida kena pamwamba pa mfundo, kotchedwa rope wrench, kamene kamapinda chingwe n'kutengako katundu. Popanda kachidako musayese. Safunsa anadya phula.

Khungu likamakwinyika

Nthawi zina mfundo imakakamira cha kunsonga kwa chingwe chifukwa khungu lasunthira kumeneko n'kukwinyika, mtima utatsalira. Zimachitika pa zingwe zina zatsopano. Mangani chingwe pamtengo, muchikame ndi manja ovala magolovesi kulowera kunsonga yopanda diso losokedwa lokolowekapo karabina, dulani khungu lotsala lopanda mtima, n'kuwotcha nsonga kuti imatane. Zikabwerezabwereza pa chingwe chakale, ndiye kuti chatopa. Kupotana nako kumatsekereza mfundo, ndipo kumabwera ndi chizolowezi chokulunga chingwe pachigongono. Chiponyereni m'thumba momwe chikubwerera, chidzatuluka chowongoka.

Kuwerenga chingwe ndi manja

M'mawa uliwonse tisanakwere, chingwe chonse chimadutsa m'manja mwanga kuchoka nsonga ina kufika ina. Sizitenga mphindi zisanu. Maso amaona zodulidwa, zopsa ndi zosintha mtundu, koma zala ndi zimene zimamva za m'kati: pamene pafewa ngati mulibe kanthu, pamene pali chotupa, pamene pawonda, pamene pauma. Pokayikitsa pindani ngati uta. Chingwe chabwino chimapinda mozungulira, chovulala mumtima chimathyoka ngati phesi la chimanga. Ubweya wochepa si vuto. Koma ulusi wathunthu ukaduka, kapena mtima ukayamba kuoneka, dulani gawolo ngati lili kunsonga. Likakhala pakati, chingwecho chapuma.

Pali zovulala zina zimene ngakhale zala sizimva. Asidi wa batire ndiye woopsa, makamaka pa nayiloni, ndipo kuno mabatire ali paliponse, a sola m'nyumba, a nyale za asodzi, a m'galimoto zimene timakwera ndi katundu. Chingwe chimene chagona pamalo pamene batire inatayikira chikhoza kuoneka bwino n'kuduka ndi kulemera kwa munthu mmodzi. Mukangokayika kuti chakhudza asidi, musachiyese n'komwe. Panjinga yamoto thumba likhale kutali ndi ekizozi. Kunyumba lipachikeni m'chipinda chozizirirako, kutali ndi makoswe, osati kudenga pansi pa malata.

Chingwe chokwerera chisatsitse nthambi, chisakoke galimoto yotitimira mumchenga, chisabwerekedwe kukamanga boti. Nthambi yolemera ikagwera pachingwe imachikoka mwadzidzidzi, ndipo kuvulala kwake kumabisala. Zotsitsira nthambi zikhale za mtundu wina wooneka patali, kuti ngakhale waganyu wa tsiku limodzi asasokoneze. Ku Britain lamulo limafuna kuti zida zokwerera ziziunikidwa mozama miyezi 6 iliyonse ndi munthu wodziwa. Ife tikhoza kutengerapo: kabuku kolemba tsiku limene chingwe chinagulidwa, limene chinayamba ntchito, ndi chilichonse chimene chinachigwera, komanso mnzanu wa ntchito yomweyi achione kawiri pachaka, chifukwa mwini chingwe amachikomera mtima. Opanga ambiri amati zaka 10 ndiye malire ngakhale chitangokhala m'thumba, koma chogwira ntchito tsiku lililonse padzuwa ndi mchenga wa kuno sichiyandikira n'komwe pamenepo.

Ndikudziwa kuwawa kwake kutaya chingwe chimene munachidikira miyezi kuti chifike. Mtima umati chigwireko ntchito imodzi yokha, mwera usanayambe kuthyola nthambi mu Juni anthu n'kuyamba kutiitana. Zengerezu analinda kwawukwawu. Ndipo chikapuma, musachipereke chathunthu kwa aliyense. Amabwera ndithu, "Bwana, tipatseniko timangire mbuzi," koma mawa mudzachipeza chili mumgwalangwa, munthu akulendewera. Ine ndimachidula m'zidutswa zosafika mamita awiri ndisanachipereke, ndipo kachingwe kopsa ka mnyamata uja ndinakadula pakati iye akuona, n'kumupatsa katsopano kuti akayese pansi pa mango womwewo m'mawa mwake, chingwe chachikulu chili pamthunzi chikuuma.